Chitseko chakumbuyo cha fibra pa Citi Golf, mapini aime pati?

Golf_waUlongwe

Moni akuluakulu nonse muno. Ndili ndi ka Citi Golf ka 2004 komwe ndakhala ndikukavula pang'onopang'ono kuyambira chaka chatha kuti kakhale ka mpikisano basi, mipando yakumbuyo, makapeti, siling'i zonse zinatuluka ndipo kheji, mapaipi aja oteteza anthu galimoto ikagubuduka, inawotchereredwa kale. Timathamanga pa fumbi kuno ku Angónia pamalo otseka omwe bambo ena amatibwereka, mmodzimmodzi pa wotchi, koma mtima wanga uli poti tsiku lina kakaponde bwalo la ATCM, bungwe la mipikisano ya magalimoto, ku Maputo.

Nkhani ndi iyi. Alamu anga amayendetsa thiraki ya ku Joni ndiye andibweretsera chitseko chakumbuyo cha buti cha fibra (fibreglass), chija amati pin-on, chomangidwa ndi mapini m'malo mwa mahinji ndi loko. Chabwera chigoba chokhachokha, mahinji palibe, loko palibe, pagalasi pali pululu, ngakhale kabowo kamodzi ka bawuti sanaboole. M'kajumbo munali mapini 4 ndi timbale take ndi timakilipi basi. Nditachikoleka pa sikelo ya amalume yoyezera kachewere chinakoka 4 kg ndi pang'ono, pomwe chachitsulo chija pamodzi ndi galasi, mota ya waipa ndi loko chinakoka 17 kg. Tsiku limenelo ndinasangalala zedi.

Koma Loweruka nditachiyeza pagalimoto chimwemwe chinachepa. Kumwamba chikukhala bwino, koma ngodya yakumunsi kumanzere yanyamuka moti chala changa chikulowa, komanso ndikasiya labala ija yozungulira khomo chikumatukuka ponseponse, ndikaichotsa ndiye chikugona bwinobwino. Wowotcherera wina kuno akuti tingoboola fibrayo limodzi ndi chapa (lata la bodi) ya galimoto, tilowetse mapini, labala titaye, nkhani yatha. Ine dzanja likukana kugwira dirilo chifukwa bowo likalakwika palibe koti nkukagula chitseko china pafupi. Ndiye amene munapangapo ndithandizeni, mapini 4 akwana? Aime pati kwenikweni? Labala ichoke kapena ikhale? Nanga pagalasipo, ku Tete ndinaona perspex, pulasitiki ija yoonekera ngati galasi, pa shopu ina ya zomangira, ingachite?

Batechapa_Matundo

Mphwanga wachita bwino kuimitsa dzanja. Ine ntchito yanga ndi yowongola magalimoto kuno ku Matundo, ndipo maboneti ndi zitseko za fibra ndamangirapo anyamata angapo othamanga. Choyamba uchotse m'mutu ganizo loti fibrayo igwira chinthu. Fibra ndi chivindikiro chabe, chogwira ndi chitsulo cha galimoto, ndiye pini iliyonse imere pa chitsulo cholimba. Chapa yozungulira khomo lakumbuyo ndi yopyapyala, siifika ndi milimita imodzi yomwe, ukaboola pamenepo nkumanga pini ndi manati awiri, pa mabampu a fumbi iyamba kugwedera, bowo nkumakula, mapeto ake chapa ing'ambika ngati chitini cha sadini. Dula timabulaketi ta chitsulo cha 3 mm, utiwotcherere kapena utimange ndi mabawuti awiriawiri ndi mbale ina kuseri. Kumwamba malo olimba ndi pomwe panali mahinji, fakitale inawirikiza chitsulo pamenepo. Kumunsi pita m'ngodya ziwiri zija pamwamba pa magetsi pomwe machapa amakumana.

Pomwe ambiri amagwa ndi apa: mapini onse aloze mbali imodzi, ngati zala za foloko. Chitseko cha Golf ndi chopendekeka, ndiye munthu amaimika pini yakumwamba molunjika ndi pomwe yaima, yakumunsi nayo molunjika ndi pake, kenako chitseko chikukana kulowa chifukwa mapini atang'ada. Akatero amayamba kukuza mabowo ndi tupa mpaka bowo lakula kuposa kambale kake. Ndinalandirapo chitseko chotere, ndinachita kutseka mabowo onse nkuyambiranso.

Ndikanakhala ine, kumwamba sindikanaika mapini ayi. Ndikanapanga malilime awiri a chitsulo chafulati, omangidwa mkati mwa fibra, oti azilowa pansi pa mlomo wa denga pomwe panali mahinji, kenako mapini awiri kumunsi. Umalowetsa kumwamba, nkugwetsera pa mapini, kilipi kilipi watha, munthu mmodzi amakwanitsa. Chifukwa chake ndi mphepo. Mphepo yochoka padenga ikangopeza mlomo wakumwamba wanyamuka pang'ono imalowa pansi nkuyamba kukanula, ndipo pa liwiro la 120 mphamvu yake si yamasewera. Ngati wasankhabe mapini 4 palibe cholakwa, koma pakati pa awiri akumwambawo pali mtunda wautali womwe uzipupa, uikepo Dzus imodzi pakati, kachomangira kaja kotseka pongokapotokola pang'ono.

Kaboolidwe kake. Manga mabulaketi ndi mapini kaye, uwatsitse kuti nsonga zizingokhudza chitseko. Mata timakatoni m'mbali mwa khomo kuti mpata ufanane uku ndi uku. Pansonga ya pini imodzi ika kadontho ka Colgate, anthu awiri atsitse chitseko mosachigwedeza, dina pang'ono, nyamulani. Kadontho koyera katsala mkatimo ndiye pakati pa bowo. Mata tepi ya pepala kunja kuti khungu losalala lija lisathetheke, boola ndi biti ya 4 mm, bwezera uone ngati nsonga ikuonekera pakati, ukakhutira ndiye ukuze ndi biti ija ya masitepe kuchokera kunja. Bowo lipose pini ndi milimita imodzi kapena awiri basi. Pini imodzi ithe, ulowetse, kenako upite pa ina, osaboola onse nthawi imodzi. Timbale ukamamanga ndi maliveti, kuseri kwa liveti iliyonse kukhale washala, kupanda apo liveti imatupira mkati mwa fibra nkuiphwanya.

Shoko ya gasi yotukulira chitseko usaibwezere. Ija inapangidwira chitsulo cha makilo 17, imakankha usana ndi usiku ngakhale chitseko chili chotseka, fibra ipindika sabata isanathe. Ndipo timakilipi tonse utimangirire ndi kawaya ku kambale. Mnyamata wina kuno anaiwala kilipi imodzi padenga atasintha tayala, ina inali yotha kale, chitseko chinauluka pa liwiro nkukagwa pafupi ndi anthu oonerera. Mulungu anatithandiza kuti sichinadule munthu.

Fibra_Songo

Achimwene a ku Ulongwe, ine za mpikisano sindipanga, ndimakonza maboti a fibra kuno ku Cahora Bassa, koma chigoba chanucho ndi zipangizo zomwezi zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Ngodya yanyamukayo isakuopseni. Chitseko chayenda masiku m'thiraki chitatsamira katundu, pa kutentha, ndiye chatenga mapindikidwe a pomwe chinatsamira. Chiikeni pagalimoto momwe chiyenera kukhalira, kokani ngodyayo ndi lamba wa katundu mpaka igone, muikepo kathabwa ndi nsanza kuti lamba asadye penti, nkuchisiya padzuwa masiku atatu kapena anayi. Chimabwerera pang'onopang'ono. Musachikakamize ndi pini, pini yokoka ngodya yokana imang'amba bowo lake.

Kuti chisabwererenso mufunika nthiti mkati. Tengani payipi yothirira ya labala, ing'ambeni pakati m'litali, muimate m'munsi monse kuchoka ngodya kufika ngodya, pamwamba pake muyale manta (nsalu ya ulusi wa fibra) ya 450 magawo awiri ndi rezina, madzi onata aja omwe amauma nkulimbitsa mantayo. Mphamvu siichokera m'payipimo, imachokera ku mtumbira womwe manta yapanga, ngati momwe lata la migula limalimbira kuposa lafulati. Chachikulu nchoti nthitiyo iumire chitseko chili pagalimoto chomangidwa, inu mugwire ntchito muli mkati, pansi mutayala pulasitiki. Mukaiumitsira pa tebulo mwakhomera kupindika kuja mpaka kalekale. Chithovu choyera chija chimabwera m'makatoni a firiji musachiyese ngati nthiti, rezina ya polyester imachisungunula pomwepo.

Pomwe padutse pini aliyense, palani ndi sandipepa ya 40 malo aakulu ngati chikhatho mpaka kuwala konse kuthe muone ulusi, pukutani ndi acetone, yalani manta gawo limodzi, ikani kambale ka aluminiyamu ka 2 mm komwe mwakaboolaboola kuti rezina idutse, pamwamba magawo ena awiri okulirapo kuposa kambaleko. Izi zichitike musanaboole mabowo omwe akulu a ku Matundo afotokoza. Mukaboola, m'milomo mwa bowo mupakemo rezina ndi kaburashi kuti madzi asamalowe mu ulusi.

Katalizadori, mankhwala oumitsa rezina, ndi 1 mpaka 2 pa 100, kunena kuti 10 mpaka 20 ml pa kilo ya rezina, muyeze ndi jakisoni osati ndi maso. Kumunsi kwa Zambezi mwezi wa Okutobala kutentha kukadutsa 40 timaika 1 ndipo timasakaniza pang'onopang'ono chifukwa imagwira m'chitini usanamalize. Kwanu ku Angónia ndi zosiyana, m'mawa wa Juni uja wa chifunga rezina imangokhala nyatanyata tsiku lonse, pansi pa madigiri 15 siiuma bwino. Dikirani dzuwa likwere, muyambe cha m'ma 10, muike 2. Katalizadoriyo asakudonthereni m'maso, amawononga diso, valani magalasi. Popala valani masiki ndi malaya a manja aatali. Penti ikhale yoyera kapena yowala, yakuda padzuwa la kwathu kuno imatentha moti fibra yopyapyala imafewa nkuyamba mafunde.

Golf_waUlongwe

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso, za mapini kuloza mbali imodzi sindinaziganizeko nkomwe. Ndipita ndi malilime kumwamba. Lamba ndamanga kale madzulo ano. Koma za labala palibe wanenapo, ine ndimati ndingoitaya poti ikutukula chitseko komanso nayo ili ndi kulemera kwake.

NaPhiri_Moatize

Achimwene chonde labala musataye, ndalowa muno chifukwa cha mawu amenewo. Ine ndimakhala mpando wa kumanzere m'galimoto ya alongo anga, ndimagwira wotchi ndi kuwerenga makona. Chaka chatha anaika chitseko chopepuka ngati chanucho, labala nkuchotsa pa chifukwa chomwecho choti chigone bwino. Tsiku loyamba titazungulira katatu mutu unayamba kundiwawa pamphumi, nseru, miyendo kulemera, potuluka ndinachita kugwira chitseko kuti ndisagwe. Tonse tinati malungo, ndinakayezetsa, sanapezeke. Sabata yotsatira zomwezonso, ulendo uno ndi alongo anga omwe, anaphonya kona yomwe amaidziwa bwino nkunena kuti maso anachita mdima pang'ono. Pamenepo mpomwe tinayang'ana mkati bwinobwino. Kuseri kwa mipando ndi pa mapaipi a kheji kunali fumbi losakanikirana ndi mwaye wakuda, mizeremizere yochokera kumunsi kwa chitseko kulowera kutsogolo.

Galimoto yodulidwa kumbuyo ngati Golf ikamathamanga, mphepo ya kumbuyo imazungulira pomwepo nkumanyamula utsi wa ekizozi ndi fumbi kubwerera pa chitseko, nchifukwa chake galasi lakumbuyo limada msanga kuposa ena onse. Ndiye mukatsitsa windo yakutsogolo chifukwa cha kutentha, mphepo yodutsa pawindopo imayamwa mpweya wa mkati, ndipo wolowa m'malo mwake umachokera pa mpata uliwonse wa kumbuyo. Mu utsimo muli carbon monoxide, alibe fungo alibe mtundu, umangoona mutu, chizungulire ndi kuganiza mochedwa, uli pa liwiro.

Ife tinachita izi. Labala ya fakitale inali yonenepa kwambiri kwa chitseko chopepuka, tinagula ina yofewa yomata, ya mphako mkati, nkuzunguliza khomo lonse popanda podukiza, polumikiza tinaika kumwamba. Mapini tinawatsitsa mpaka kilipi izilowa chitseko chitadinidwa pang'ono. Poyesa timatenga kapepala, kutsekera pakati pa labala ndi chitseko nkukoka, kakatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo pakudutsa utsi, timatero kuzungulira ponse. Mabowo onse otsala a mawaya, a loko ndi apansi pomwe panali mabawuti a mipando tinatseka. Padenga tinaika kotengera mphepo kuti mpweya wabwino uzilowa kuchokera kumwamba nkumakankhira kunja, ndipo paipi ya ekizozi tinaitalikitsa kuti idutse bampala. Chichitireni zimenezo mutu sunandiwawenso, ndi fumbi lomwe linachepa moti ndimatha kuwerenga pepala mpaka kumaliza.

Batechapa_Matundo

Achemwali anena zoona zokhazokha, mphwanga umvere zimenezo, ndipo Colgate uja udinde labala yatsopano ili kale pamalo pake chifukwa imasintha pokhalira chitseko.

Ndinaiwala za galasi. Perspex ayi. Ija ndi acrylic, mwala ukaimenya kapena galimoto ikagubuduka imasweka zidutswa zakuthwa ngati mipeni. Funa polycarbonate, ambiri amangoti Lexan, imapindika koma siisweka. Pa maso zimafanana, ndiye uwerenge pa pepala lomatidwa pamwamba pake, ukakayika pempha kachidutswa ukapinde ndi pulayazi, acrylic ithyoka, Lexan ingopindika nkuyera popindikapo. Ya 3 mm ikwana kumbuyo. Kulemera kwake sikufika theka la galasi la makulidwe omwewo. Ngati ili ndi mbali yotetezedwa ku dzuwa, mbali imeneyo iyang'ane kunja, kupanda apo ichita chikasu msanga.

Lexan imafutukuka ikatentha, mita imodzi imatalika pafupifupi 2 mm kutentha kukakwera ndi madigiri 30, ndiye ganiza galimoto yochoka m'mawa ku Ulongwe kudzaima masana ku Tete. Mabowo akhale okulirapo, bawuti ya M5 bowo la 7 mm, motalikirana masentimita 12 kapena 15, osayandikira m'mphepete, washala ya labala pansi pa mutu, nati ya nyloc yosamasuka yokha, ndipo umange mongogwira osati mofinya. Loctite, guluu uja wothira pa mabawuti, asayandikire, thina, acetone ndi petulo chimodzimodzi, zimaiyambitsa timing'alu tochokera pa mabowo. Potsuka thira madzi ambiri ndi sopo kaye, ukapukuta fumbi ndi nsanza youma mwezi umodzi sudzaonanso kumbuyo.

Zobwe_16v

Aise, ine ndibwere mbali ina pang'ono. Sindikuletsa, koma uwerenge bwino zomwe ukupeza. Ukaika Lexan, nthiti, timbale, malilime ndi mapini, chitsekocho chifika 7 kg kapena kuposa, ndiye wachotsa ngati makilo 10. Petulo malita 14 amalemera chimodzimodzi. Ubwino wake weniweni ndi woti makilo amenewo anali pamwamba komanso kumapeto kwenikweni kwa galimoto, ndiye imatembenuka mopepuka. Koma Golf ndi yokoka ndi kutsogolo, injini ndi giyabokosi zonse zili pamphuno, ndipo iwe wachotsa kale mipando ndi zonse zakumbuyo. Matako akapepuka kwambiri pa fumbi, ukangochotsa phazi pa moto pakati pa kona amafuna kukupitirira, ndipo pa buleki matayala akumbuyo amaloka msanga. Yanga inandizungulitsa kawiri ndisanamvetse. Ndinasamutsa batire kuchoka ku injini kuika pansi kuseri kwa mpando wa kumanzere, m'bokosi lotseka lomangidwa ndi mabawuti odutsa pansi, ndi fyuzi yaikulu pafupi ndi batirepo, galimoto inakhazikika. Masipuling'i akumbuyo nawonso uwaone, galimoto yovulidwa imakwera kumbuyo nkumadumpha.

Ngati ukuganiza zodzaika chipiko chakumbuyo (spoila), chisamangidwe pa fibra, miyendo yake ikafike pa chitsulo.

China ndi malamulo poti watchula Maputo. ATCM ili pansi pa FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, ndipo mu Appendix J, Article 253, muli lamulo loti boneti ndi buti zikhale ndi zomangira zoonjezera zosachepera ziwiri chilichonse, loko wa fakitale achotsedwe kapena asamagwire ntchito, kuti opulumutsa athe kutsegula ali kunja. Pamenepo mapini ako ali bwino. Koma gulu lililonse lili ndi malamulo ake pa zitseko ndi magalasi, ena salola fibra, ena amanena makulidwe a polycarbonate, ndiye uwafunse malamulo a gulu lomwe ukufuna kulowa usanagule Lexan. Chitseko chachitsulo usagulitse, chisunge ndi mahinji ake, ndipo mabowo a mahinji usawawononge powotcherera mabulaketi. Pa misewu ya N304 ndi N7 galimoto yotere iziyenda pa thirela, ya mapini ndi kheji pamsewu wa anthu onse mafunso ake satha.

Golf_waUlongwe

Ndabweranso patatha masabata atatu akuluakulu. Ngodya ija inagona tsiku lachinayi monga ananenera achimwene a ku Songo, nthiti ndinaumitsira pagalimoto, ndinayamba 10 koloko ndipo pofika 2 inali gwa. Malilime awiri kumwamba ndawamangira pa mabowo a mahinji osawotcherera, kuti chachitsulo chizitha kubwerera. Mapini awiri kumunsi pa mabulaketi a 3 mm, makilipi ali pa kawaya. Lexan ya 3 mm alamu anabwera nayo ulendo wachiwiri. Pa sikelo ya amalume chonse chakoka 7.5 kg, ndiye ndachotsa 9.5, aZobwe munawerenga bwino. Batire ndasamutsa, ndipo Lamlungu pa kona yathu yaitali ija matako sanandithawe.

Chatsala chimodzi. Kapepala ka achemwali a ku Moatize kakugwira ponse kupatula pakati kumunsi, pomwe panali loko, pamenepo kakutuluka kopanda kulimbana. Nditazungulira kasanu ndinapeza mzere wa fumbi lofiira mulifupi ngati zala zinayi pansi pa buti kuchokera pomwepo. Mutu sunandiwawe koma sindikufuna kudikira kuti uwawe. Nditsitsenso mapini a m'ngodya kapena ndiwirikize labala pamenepo?

Batechapa_Matundo

Mapini usawatsitsenso, ukafinya ngodya pakati pamatukuka kwambiri, ndipo labala yowirikiza ingokankha chitseko. Pomwe panali chogwira loko pali kale mabowo awiri a mabawuti pa chitsulo cholimba, panga kabulaketi pamenepo uike pini yachitatu kapena Dzus. Kambale ka aluminiyamu ukaumbire mkati pamwamba pa nthiti kaye, usadule nthitiyo. Ukamaliza yesanso kapepala kuzungulira ponse, ndipo usanathamange upukute buti yense ayere kuti mzere ukabweranso uoneke.